Amayi Athu a ku Guilleme ndi Nyali ya Madzulo

M'masamba ano mwakhala mukuwerenga mbiri za abusa, aphunzitsi ndi akulu a mpingo amene anatsiriza ulendo wawo, ndipo n'koyenera kutero, pakuti anagwira ntchito yooneka ndi anthu onse. Lero ife ana ndi adzukulu a banja limodzi la kufupi ndi Guilleme, m'boma la Mchinji, tapempha malo pang'ono kuti tikumbukire munthu amene dzina lake silinalembedwe m'mabuku a misonkhano ya Sinodi, amene sanaimepo pa guwa, ndipo sukulu anailekezera panjira. Munthuyo ndiye amayi athu, amene ena mwa ife timawaitana kuti agogo. Anatisiya miyezi ingapo yapitayo atakalamba ndithu, tsitsi lonse litayera mbuu. Pogawana katundu wawo sitinachedwe, chifukwa anali wochepa: nsalu zingapo, miphika, khasu ndi Buku Lopatulika lothaitha. Koma anatisiyira mwambo umodzi umene anausunga zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, m'mtendere ndi m'masautso momwe. Mwambo umenewo ndiwo tifuna kukufotokozerani, makamaka inu makolo anzathu ndi inu achinyamata amene mudzamanga mabanja mawa.

Kumene anakulira

Amene sanafikeko ku Mchinji adziwe kuti Guilleme ndi dzina la mishoni ya Akatolika. Ansembe a gulu la White Fathers anatsegula malowo mu 1935, nawatcha dzina la bishopu wawo Mathurin Guillemé, amene anatsogolera mpingo wawo kuno kuyambira 1911 mpaka 1934. Ansembe omwewo anali atakhazikika kale pa Kachebere, m'malire enieni a dziko lino ndi Zambia, mu 1903. Kumbali yathu, ntchito inayambira pa Mvera mu 1889, pamene Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anamanga msasa wawo m'dziko la Mfumu Chiwere, ndipo siteshoni ya Mchinji inatsegulidwa mu 1914, masiku amene boma lino linkatchedwa Fort Manning. Tsidya la malire, pa Magwero, amishoni a Dutch Reformed anali atayamba kulalikira mu 1899. Chotero mwana wobadwira m'midzi ya kuno zaka za m'ma 1930 ankakula akumva zinthu zitatu zomuitana: belu la ku mishoni, chitsulo cha pa sukulu ya m'mudzi ya mphunzitsi wa mpingo wa Nkhoma, ndi ng'oma za gule zochokera kudambwe.

Amayi anatsata chitsulo chija. Sukulu yake inali yofolera ndi udzu, mipando yake mitengo yogoneka pa mphanda, ndipo mphunzitsi yemweyo ndiye ankalalikira tsiku la Sabata. Cholinga chachikulu cha sukulu zimenezo chinali chakuti munthu athe kudziwerengera yekha Mau a Mulungu, popeza Buku Lopatulika lonse linali litatuluka m'chinenero chathu mu 1922. Amayi sanakhalitse pa sukulupo. Anali mwana wamkazi woyamba, ndipo pakhomo pankafunika wolera ana, wosinja ndi wotunga madzi. Koma anachokapo atadziwa kulumikiza zilembo, ndipo kawerengedwe kawo kanakhala komweko moyo wawo wonse: pang'onopang'ono, chala chikuyenda pansi pa mzere, milomo ikugwedera. Atasinkhuka analowa kalasi, naphunzira Katekisma, nabatizidwa ali namwali. Ankatiuza kuti azakhali awo anakwiya kwambiri pamene iwo anakana kuvinidwa chinamwali cha kumudzi, nawaopseza kuti palibe mwamuna amene adzawafunsire mbeta. Mwamuna anapezeka, mnyamata wa m'kalasi momwemo, nabwera kudzakhala chikamwini monga mwa mwambo wa Achewa. Ameneyo ndiye bambo athu.

Mphasa, nyali ndi maina

Ukwati usanakhalitse, bambo anachita chimene amuna ambiri a nthawi imeneyo ankachita: analembetsa ku Wenela napita kumigodi ya ku Joni kukafuna ndalama ya msonkho, ya zovala ndi ya malata. Ankapita, kubwera, kukhala miyezi yowerengeka, kupitanso. Amayi anatsala ndi munda, nkhokwe ndi ana. M'midzi yathu munali mabanja ambiri otere, ndipo ena anapasuka chifukwa mwamuna anatchona kapena mkazi anatopa ndi kudikira. M'zaka zimenezo ndimo amayi anakhazikitsa mwambo wawo.

Tikatha kudya nsima yamadzulo, mbale zikatsukidwa, ankayala mphasa pakati pa nyumba, nayatsa koloboyi. Palafini anali wodula, motero kudya tinkadyera kuwala kwa moto wa pamafuwa, ndipo nyali inkayakira ntchito imodzi yokha, ya kuwerenga. Poyamba tinkaimba nyimbo imodzi ya m'buku la Nyimbo za Mulungu. Kenaka ankatchula ndime ya tsikulo, imene zaka zambiri ankaitenga mu Mlozo, napereka Buku kwa mwana amene inali nthawi yake. Wamng'ono ankawerenga vesi limodzi, wamkulu ankatsiriza. Wina akapunthwa pa dzina lovuta, monga Nebukadinezara kapena Mefiboseti, enafe tinkabisa nkhope m'manja ndi kuseka, koma amayi ankangoti, "Bwereza, mwana wanga, dzinalo sililuma." Kuwerenga kukatha sankalalikira. Ankaloza mmodzi wa ife nafunsa kuti, "Iwe wamvapo chiyani?" Funso limenelo tinkaliopa koposa mkwapulo wa aphunzitsi, pakuti panalibe kothawira, ndipo wosinza ankadziwika pomwepo.

Potsiriza pankabwera pemphero, ndipo pempherolo linali la maina. Amayi sankakhutira ndi kungopempha kuti Mulungu adalitse onse a kutali ndi a pafupi. Ankatchula munthu mmodzimmodzi pamodzi ndi chosowa chake. Ankayamba ndi bambo, kuti thanthwe la mumgodi lisawagwere ndi kuti mtima wawo usaiwale kwawo. Ankabwera kwa ife ana, kuyambira woyamba kufikira wa kumsana. Ankapitirira kwa amalume, kwa abale a tsidya la malire cha ku Chipata, kwa odwala a m'mudzi, kwa abusa ndi akulu a mpingo, kwa anyakwawa, ngakhale kwa munthu amene mbuzi zake zinatidyera chimanga dzulo lake. Ana aang'ono ankagona pempherolo lisanathe. Koma aliyense wa ife anakula akumva dzina lake likutchulidwa pamaso pa Mulungu usiku uliwonse, m'mau a mayi wake. Tsopano tonse tiri ndi imvi, ndipo mau amenewo sanachokebe m'makutu mwathu.

M'mwezi wa Epulo 1974 mbiri inamveka pa wailesi kuti ndege ya Wenela yagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo kuchokera kumigodi afera pomwepo. Bambo anali atalemba kalata kuti nthawi yawo ya ntchito iri pafupi kutha. Masiku amene anapita tisanamve chirichonse anatalika ngati chaka. Anthu ankabwera kudzakhala pakhonde mwakachetechete monga achitira pamaliro. Amayi sanasinthe kanthu pa mwambo wawo. Anangoonjeza akazi ndi ana a amuna amene anafawo, ngakhale maina awo sankawadziwa. Pambuyo pake kalata inafika kuti bambo ali moyo, ndipo chaka chomwecho boma linaletsa kulemba anthu a Wenela. Bambo atabwerera anapeza malo awo pamphasa akuwadikira. Kuyambira pamenepo iwo ndiwo ankayambitsa nyimbo ndi kutsegula Buku, koma pemphero la maina anawasiyira amayi, nati, "Amayi anuwa ndiwo adziwa kumene aliyense ali."

Pakati pa anansi a mpingo wina

Pa mudzi pathu ife a CCAP tinali ochepa. Anansi athu ambiri ankapemphera ku mishoni, kumene kunali tchalitchi chachikulu ndi sukulu, pamene ife tinali ndi kanyumba kopemphereramo kofolera ndi udzu, ndipo abusa ankatifika mwa kamodzikamodzi. Nthawi ya Mgonero wa Ambuye amayi ankanyamuka Lachisanu, mwana kumsana, kamba pamutu, kupita ku tchalitchi chachikulu cha mpingo wathu, nabwerako tsiku la Sabata madzulo mapazi atatupa. Masiku amenewo mipingo iwiriyi sinkayang'anana bwino, ndipo ana a m'midzi ankatolera m'njira mau onyozana. Mau otere m'nyumba mwathu sankaloledwa.

Bwenzi lapamtima la amayi linali mayi wa Chikatolika amene sankasiyana ndi kolona yake. Awiriwa ankatunga madzi pa chitsime chimodzi, kuthandizana kusinja, kubwerekana lichero ndi mchere. Adzukulu ambiri a m'banja mwathu anabadwira pa chipatala cha St Michael's pa Guilleme pomwepo, ndipo amayi sankaleka kuyamika asisiteri ndi anamwino a kumeneko. Ankati munthu amene wachezera nawe usiku wonse mwana wako ali ndi malungo sungamutche mdani kukacha. Koma pa chiphunzitso sankagwedezeka. Mafunso a m'Katekisma ankatifunsa tiri pa mtondo kapena tikutong'ola chimanga, ndipo ankafuna kuti mwana wawo adziwe chifukwa chake apemphera kumene apempherako.

Chiyeso chinafika pamene mmodzi wa ana aakazi a m'nyumba mwathu anakondana ndi mnyamata wa Chikatolika. Bambo anakhumudwa, ndipo ankhoswe anakhala pansi kangapo osamvana. Amayi anamuitanira mwanayo kukhitchini, nati, "Mwana wanga, ine sindikusankhira mwamuna. Undiuze chinthu chimodzi chokha: m'nyumba mwanumo, nyali ya madzulo adzayatsa ndani?" Mwanayo anati, "Ndidzayatsa ndine, amayi." Nkhaniyo inapita kwa akulu a mpingo monga mwa dongosolo, ndipo inatenga nthawi ndi misozi. Ukwati utachitika, usiku womwewo dzina la mkamwiniyo linamveka m'pemphero, pambuyo penipeni pa dzina la mkazi wake, ngati kuti anabadwira m'nyumbamo.

M'Chigwirizano ndi m'munda

Chigwirizano cha Amayi chinayamba mu mpingo wathu wa Nkhoma mu 1940, amayi athu akali mwana, ndipo iwo analowamo atangobereka ana awo oyamba. Bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera zinkakhala pazokha m'bokosi limene bambo anabwera nalo kuchokera ku Joni, ndipo zinkasitidwa ndi nsimbi yamakala dzulo lake la msonkhano. Koma ntchito yambiri ya Chigwirizano ankaigwira atavala chitenje chakumunda. Akamva kuti kwakutikwakuti kuli matenda, ankatapa ufa m'mbale, namanga nsinjiro m'kansalu, nasenza mtolo wa nkhuni. Pofika sankayamba ndi kulalikira. Ankasesa, kutunga madzi, kumuphikira phala wodwalayo, ndipo pemphero linkabwera potsazika.

Mpingo unawasankhanso kukhala mlangizi wa atsikana otha msinkhu ndi a amene akulowa m'banja. Iwo amene anakana chinamwali cha kumudzi anafika pomvetsa chimene azakhali awo aja ankaopa, kuti mtsikana angalowe ukulu wopanda womuuza kanthu. Ankati azakhaliwo anaona bwino dzenje, koma njira yolilambalala ndiyo inali ina. Chotero pa chilangizo sankachita manyazi. Ankanena zoona zokhudza thupi, ukhondo, ulemu ndi kudzisunga, ndipo amayi ambiri a m'dera lathu amene lero ali ndi adzukulu anadutsa m'manja mwawo.

Mchinji ndi dziko la mtedza, ndipo mtedza wa chalimbana ndiwo unatiphunzitsa sukulu. Tikakumba, kuumitsa ndi kuthothola, amayi ankayamba kudzaza chitini cha ku tchalitchi nachiika padera, kenaka cha mbeu, ndipo wotsalawo ndiwo unkapita kumsika wa ADMARC kukasanduka fizi, makope ndi sopo. Chaka chimene mtedza sunabereke bwino, zitini zonse zinkachepa, koma dongosolo lake silinkasintha. Njanji itafika ku Mchinji mu 1980, ana awo akuluakulu anali atayamba kale kuchoka pamudzi kukafuna ntchito, ndipo pemphero la madzulo linayamba kuyendera matauni amene amayi sanawaonepo.

Zaka za misozi

Bambo anatsogola kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo tinkayembekeza kuti amayi tsopano apumula, adyerere thukuta lawo mwa ana. Sizinatero. Matenda a Edzi, amene anapezeka koyamba m'dziko muno mu 1985, anali atalowa m'matauni ndi m'midzi momwe. Masiku amenewo anthu sankawatchula dzina. Ankangoti kaliwondewonde, kapena matenda a masiku ano, ndipo ambiri ankathamangira kwa asing'anga kukafunsa amene walodza. Mwana wawo wamwamuna wachiwiri anabwera kuchokera kutauni atatha thupi, mkazi wake atamwalira kale. Patangopita zaka zochepa mwana wawo wamkazi wotsiriza anabweranso chimodzimodzi. Onse awiri amayi anawalandira m'nyumba mwawo momwe, nawasambitsa, nawamwetsa phala, nawatembenuza pamphasa usiku. Achibale ena anabwera ndi uphungu wakuti akaombeze ula. Amayi anawayankha kuti, "Ndikapeza mfiti, mwana wanga adzuka? Ndisiyeni ndimusamale, ndipo musandidanitse ndi anthu amene adzandithandize kukumba manda." Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mwaulere mu 2004, kwa ana awo awiriwo anafika mochedwa.

Anatsala ndi adzukulu asanu amasiye, pa msinkhu umene anzawo ankangoothera dzuwa. Anatolanso khasu. Sukulu ya pulaimale inali itakhala yaulere mu 1994, koma zovala, sopo ndi chakudya sizinali zaulere, ndipo zimene ife otsala tinkatumiza zinkangothandizako. Madzulo mphasa inkayalidwa monga kale, ndipo funso lija lakuti wamvapo chiyani linayamba kugwera m'badwo wachiwiri. Omwalirawo amayi sankawapempherera, popeza ankadziwa chiphunzitso cha mpingo wathu, kuti amene agona mwa Ambuye sasowanso mapembedzero athu. Koma pofika pa malo awo ankaima pang'ono, nayamika chifukwa cha iwo, napitirira kwa ana awo. Mmodzi wa adzukuluwo, amene lero ndi mayi wa ana atatu, akunena kuti kuima kumeneko ndiko kunkamutsimikizira kuti makolo ake sanaiwalike, ngakhale m'nyumbamo munalibe chithunzi chawo.

Kenaka kunagwa njala. Zokolola za 2001 zinali zochepa, chimanga chinasowa m'misika, mtengo wake unakwera kangapo, ndipo Mchinji linali limodzi mwa maboma amene anavutika koposa. Pofika Febuluwale 2002, pamene boma linalengeza kuti m'dziko mwagwa tsoka la njala, anthu ankadya madeya, zitsa za nthochi ndi maungu osakhwima. Ndalama ya palafini panalibe. Amayi ndi adzukulu awo ankakhala pamphasa mumdima, kuimba nyimbo za pamtima, ndipo mwana aliyense ankanena vesi limene analoweza. Masiku ena ankafika pamphasapo osalawa kanthu chiyambire m'mawa.

Chimanga chitayamba kukhwima, kuba kunachuluka m'minda, ndipo mitima ya anthu inauma mwakuti wogwidwa ankamenyedwa koopsa, ena mpaka kulumala kapena kufa kumene. M'mawa wina olondera anagwira mnyamata wa mudzi woyandikana nafe m'munda mwa amayi, atathyola dowe wodzaza kathumba. Anamumanga ndi luzi, ndipo anthu anasonkhana ndi zibonga ndi zikwanje. Amayi anafika ndi ndodo yawo, nadutsa pakati pa gululo, nakhala pansi pafupi ndi mnyamatayo. Anati, "Munda uwu ngwanga. Wolima ndine, woberedwa ndine. M'masuleni." Wina anati, "Agogo, mukatero mawa kubwera ena." Iwo anati, "Akabwera mudzandiitanenso. Koma magazi a mwana wa mnzanga asagwere pa nthaka imene ndikudyetsera ana amasiye." Anthu anayang'anizana, namumasula. Amayi anamutengera kunyumba, namuotchera chimanga chomwe anathyolacho, namuuza kuti abwere m'mawa mwake ndi khasu adzalipire ndi ntchito. Usiku umenewo dzina lake linalowa m'pemphero, ndipo silinachokemonso. Tsiku loika maliro a amayi, munthu woyamba kufika kumanda ndi khasu anali yemweyo, tsopano bambo wa banja lake.

Masiku otsiriza

M'zaka zawo zomaliza maso anachita chidima, ndipo Buku lija ankangolisisita pamiyendo pamene wina akuwerenga. Kawirikawiri wowerengayo ankakhala mkamwini wawo uja wa Chikatolika, amene ankabwera pa njinga dzuwa likamapendeka. Ana ndi adzukulu ambiri tinali titabalalika, ku Lilongwe, ku Kasungu, ku Chipata ndi ku Johannesburg. Tinawagulira foni ndi nyali ya sola. Nyaliyo anailandira ndi manja awiri, koma ankaseka nati, "Kuwala kwachuluka, owerenga achepa." Maina a m'pemphero anali atapitirira makumi asanu. Ankatha kuiwala pamene aika duku, koma dzina la chidzukulu chobadwa mwezi watha ku Lilongwe sankaliphonya.

Tisakunamizeni kuti zonse zimene anapempha anaziona ndi maso. Mmodzi wa amasiye aja, amene anamulera ndi manja awo, anapita ku Johannesburg, nasiya kupemphera, nasiyanso kuyankha mafoni. Amayi anamutchula usiku uliwonse kwa zaka zambiri, ndipo anamwalira asanamvenso mau ake. Sanamutemberere, ndipo sanalole kuti wina amunenere zoipa pamaso pawo. Tikawafunsa ngati sakutopa, ankati, "Ine sindidziwa kumene ali, koma Mwini wake adziwa."

Mlungu wawo womaliza, ataona kuti mphamvu zatha, anaitana amene tinalipo, natigawira maina monga munthu agawira mbeu. Kwa wamkulu anapereka ana a omwalira aja, kwa wina abale a ku Chipata, kwa mdzukulu wamkazi odwala ndi okalamba a m'mudzi. Dzina la mnyamata wa ku Johannesburg anatipatsa tonse. Anamwalira m'bandakucha, mwakachetechete. Amayi a Chigwirizano anabwera atavala zoyera ndi zakuda zawo, ndipo amayi a Chikatolika anakhala nawo pamodzi pasiwa, akusinthana nyimbo mpaka kucha.

Mau kwa makolo ndi achinyamata

Pa 2 Timoteo 1:5 mtumwi Paulo, pofuna kunena kumene chikhulupiriro cha Timoteo chinachokera, anatchula agogo ake Loisi ndi amayi ake Yunike. Za amayi awiriwa Malembo sanena zambiri, koma chipatso cha ntchito yawo chinatumikira mipingo yambiri. Pa Deuteronomo 6 ntchito yophunzitsa ana Mau a Mulungu yaikidwa m'manja mwa makolo, ndipo malo ake ndi pakhomo ndi m'njira, tsiku ndi tsiku. Sande Sukulu ndi yabwino, koma ndi ola limodzi pa mlungu. Kalasi ndi yofunika, koma imatha. Abusa athu ali ndi nkhosa mazanamazana, ndipo sangathe kutchula mwana wanu ndi dzina usiku uliwonse. Ameneyo ndi udindo wanu.

M'nyumba zambiri za Akhristu lero muli magetsi kapena sola. Muli Buku Lopatulika, muli Buku Loyera limene linatuluka mu 1998, ndipo lina liri m'foni. Chimene chasowa ndi theka la ola. Bambo afika mochedwa, mayi watopa, ana ali pa kanema, ndipo aliyense agona nthawi yake. Mayesero amenewa tiwadziwa, pakuti nafenso tikulera ana m'matauni. Koma amayi athu analibe nthawi yoposa yathu. Ankadzuka tambala woyamba, kulima, kusinja ndi kutunga madzi, ndipo madzulo ankakhala pamphasa msana ukuwawa.

Chifukwa chake tikupemphani zinthu zochepa zimene tinaziona zikugwira ntchito. Ikani nthawi imodzi, ndipo isasunthidwe ndi alendo, kutopa kapena mkangano wa masana. Mwana awerenge yekha, ngakhale movutikira, ndipo mumufunse chimene wamva. Popemphera tchulani maina, a m'nyumba ndi a kutali, okondedwa ndi okulakwirani. Inu amayi amene amuna anu ali ku Joni, kapena ali pakhomo koma za Mulungu sazifuna, musadikire. Yalani mphasa ndi ana amene muli nawo. Inu abambo, musaone ngati imeneyi ndi ntchito ya akazi. Khalani pansi, yambitsani nyimbo, ana anu akuoneni mutagwada. Ndipo inu achinyamata amene agogo anu akali moyo, pitani mukawawerengere pamene maso awo afooka, ndipo muwafunse anthu amene amawapempherera. Mudzadabwa kumva kuti dzina lanu liri momwemo chibadwire chanu.

Tikuthokoza abusa, akulu a mpingo, amayi a Chigwirizano, anansi athu a ku mishoni ya Guilleme ndi mafumu a m'dera lathu chifukwa cha kutigwira dzanja pa maliro a amayi athu. Maina aja tinagawana, ndipo akutchulidwa usiku uliwonse ku Lilongwe, ku Kasungu, ku Chipata ndi kumudzi. Mnyamata wa ku Johannesburg sanabwerebe. Inu amene mwawerenga kufikira pano, mukamagwada usiku uno, mutionjezereko ameneyo pa anthu anu. Dzina lake Ambuye alidziwa.